Za chinyumba cha konkire cha ku Bawdsey chija

Asisi mwafunsa kuti chinyumba cha konkire munachiona ku Bawdsey ku England, tsidya la mtsinje wa Deben mukachoka ku Felixstowe, chinali cha chani komanso ngati ndi kopita ndi ana. Pitani nawo ndithu, koma imvani kaye nkhani yake.

Pamenepo ndi pomwe panali siteshoni yoyamba ya radar padziko lonse kugwira ntchito yeniyeni, kuyambira pa 24 September 1937. Chimandiseketsa ine ndi mmene zinayambira. Boma la Britain linkachita mantha ndi ndege zamabomba za Germany ndiye mabwana a Air Ministry, unduna wa za ndege, anafunsa wasayansi Robert Watson-Watt ngati kungatheke kupanga chida chowotcha woyendetsa ndege ndi mafunde a wailesi ali m'mwamba momwemo. Mnzake Arnold Wilkins atachita masamu anapeza kuti amenewo ndi maloto a chumba, magetsi ake mungawatenge kuti, koma anaonanso kuti mafundewo akagunda ndege amabwerera, ndiye mutha kuidziwa idakali kutali. Pa 26 February 1935 anayesa pafupi ndi Daventry ndi transimita ya BBC ndi ndege imodzi basi, zinatheka.

Kafukufukuyu anayambira ku Orford Ness, m'gombe lomwelo chakumpoto, kenako mu 1936 boma linagula Bawdsey Manor kwa a banja la Quilter pa £24,000. Anamangapo nsanja zachitsulo za mamita 110 zotumiza mafunde ndi zamatabwa za mamita 73 zolandira, kenako masiteshoni otere anandandalika m'gombe lonse lakummawa ndi kummwera, dzina lake Chain Home.

Kwa ine ngwazi zenizeni ndi atsikana a WAAF, nthambi ya akazi ya RAF (asilikali a ndege a Britain), omwe ankayang'anira radar. Tangoganizani munthu wakhala m'chipinda chopanda windo usiku wonse, maso ali pa kagalasi, kamzere kowala kakungonjenjemera, kakangopindika penapake iye aziwerenga pomwepo kuti ndegezo zili mtunda wanji, zikuchokera kuti, zilipo zingati, n'kuimba foni ku Bentley Priory, likulu la ndege zoteteza dziko, kuti adzutse ndege zankhondo za Spitfire ndi Hurricane. Ndege za RAF zinali zochepa mu 1940, sakanatha kumangozungulira m'mwamba kuwotcha mafuta kudikira mdani, radar ndi yomwe inkawauza nthawi yonyamuka.

Ma German nsanjazo ankaziona, zobisika ngati? Mu August 1939 anatumiza Zeppelin, chibaluni chachikulu cha injini, kudzamvetsera m'mbali mwa gombe koma anabwerera osatolapo kanthu. Pa 12 August 1940 anaphulitsa masiteshoni angapo, ya Ventnor ku Isle of Wight ndi yomwe inavulala kwambiri, koma posakhalitsa anazisiya poganiza kuti akungotaya mabomba. Apa ndiye anaphonya.

Nkhondo itatha malowa sanatsekedwe, mpaka anadzaikapo mizinga ya Bloodhound yodikirira ndege za Soviet Union kufikira 1990, RAF n'kuchokapo mu 1991. Nsanja yomaliza anaigwetsa mu 2000, zimandiwawabe zimenezo, bwenzi ana akuona okha kutalika kwake. Chinyumba munaonacho ndi momwe munkakhala ma transimita, pano ndi myuziyamu.

Satsegula tsiku lililonse ndiye muyambe mwaona pa intaneti. Kaboti kowolotsa anthu kuchokera ku Felixstowe Ferry kamayenda miyezi yotentha yokha, apo ayi muzungulira pagalimoto kudzera ku Woodbridge. Majuzi musaiwale asisi, mphepo ya pamenepo siona kuti ndi July.