Botolo langa la gasi lasintha khalidwe

Funso: Ndimawotcherera zitsulo pa Kasungu boma, makamaka ngolo ndi mafelemu a mawindo, ndi makina a MIG, owotcherera ndi waya komanso gasi wa m'botolo. Botolo langa linali la mipweya iwiri yosakaniza, argon 80, CO2 (carbon dioxide) 20 pa 100 iliyonse. Geji itatsika kufika pa 50 bar (muyeso wa mphamvu yomwe mpweya ukukankhira m'botolo) ndinapita nalo ku Lilongwe, ndipo wodzazayo anangothiramo argon yekhayekha mpaka 150. Anati n'chimodzimodzi. Koma pano ndikagwira ekiselo ya ngolo moto sukulowa, chowotchereracho chikungokhala pamwamba ngati phala. Kodi m'botolomu muli chiyani?
Wowotcherera, Kasungu

Yankho: Achimwene, si chimodzimodzi ayi, maso anu sanakunamizeni. Masamu ake anawapeza katswiri wa sayansi John Dalton mu 1801: mpweya uliwonse m'botolo umakankha ndi gawo lakelake, geji imangoonetsa zonse pamodzi. Pa 50 bar ija, CO2 anali ndi 10, argon 40. Atathira argon, CO2 anangotsala pa 10 pomwepo, koma tsopano ndi 10 mwa 150. Gawani, mupeza pafupifupi 7 pa 100. CO2 ndiye amalowetsa moto mkati mwa chitsulo. Pa zitsulo zopyapyala mpweya wanuwu mungaukonde, suthetheka kwambiri, koma ekiselo yonyamula mabelo a fodya ndi nkhani ina.

Kuti pa 150 bar pakhale 20 pa 100, pamafunika 30 ya CO2. Papepala zinali zophweka: kuwonjezera 20 ya CO2 botolo likadali pa 50, geji ifike 70, argon n'kubwera pambuyo. Koma CO2 m'botolo lake amakhala wamadzimadzi, ndipo pa madigiri 20 amakankha pafupifupi 57 bar basi. Popanda pampu sangakufikitseni pa 70. N'chifukwa chake odziwa ntchito amayamba atulutsa zotsala zonse, n'kuthira CO2 poyamba, akuyeza pa sikelo, popeza CO2 akapanikizika geji imaonetsa ochepa kuposa amene alimo. Chinanso, mpweya umatentha pothira. Botolo loti 150 podzaza, likazizira m'mawa mwake mupeza geji yatsika.

Chonde musayese kulumikiza mabotolo ndi paipi pashedi panu, 150 bar si ya masewera, makamaka pamalo pomwe pali botolo la okosijeni ndi manja a girizi. Botolo lanu lija limalizeni pa mafelemu a mawindo, ngolo zidikire lina. Ulendo wina wodzazayo alembe pa lisiti kuti wathira chiyani, mochuluka bwanji.