Funsani Amisiri: kPa, bar ndi kutalika kwa thanki

Funso: Ndili ndi pikiapu yomwe ndimanyamulira matumba a mtedza ndi soya kuchokera kwa Kamwendo kupita ku Lilongwe. Pa kapepala ka pachitseko analemba 240 kPa kutsogolo ndi 300 kPa kumbuyo, koma geji ya anyamata opopa matayala pa boma imangoonetsa bar ndi psi. Ndiziwauza nambala iti? — Woyendetsa pikiapu, Mchinji

Yankho: Bambo, auzeni kuti 2.4 bar kutsogolo, 3.0 bar kumbuyo. kPa, bar ndi psi yonse ndi miyeso ya presha, kutanthauza mphamvu yomwe mpweya kapena madzi amakankhira. Bar imodzi ndi 100 kPa (kilopascal) ndendende, ndiye palibe masamu ovuta: tengani nambala ya kPa, musunthire kadontho kumanzere malo awiri. 240 ikhala 2.40, 300 ikhala 3.00. Pa magalimoto ambiri ochokera ku Japan mupezanso nambala ya kgf/cm² pambali pa kPa. Umenewu ndi muyeso wakale. 1 kgf/cm² ndi 98 kPa, moti pa tayala mutha kungouwerenga ngati bar.

Wosokoneza ndi psi, chifukwa suli m'banja la miyeso ya mita ndi kilogalamu, ndipo kadontho sikathandiza pamenepa. Bar imodzi ndi 14.5 psi. Choncho 2.4 bar ndi 35 psi, pomwe 3.0 bar igwera pakati pa 43 ndi 44 psi. Cholakwa chomwe chimapha matayala ndi ichi: munthu aona 240, achotsa ziro, napopa 24 pa mzere wa psi. Imeneyo ndi 1.65 bar yokha. Tayala lotere, litasenza matumba, limafwamphuka m'mbali, limatentha likamapindikapindika pa tala, limatha m'mphepete monse muwiri, ndipo tsiku lina limaphulika. Musanapope, lozani ndi chala mzere wa pa geji womwe mukuwerenga, inu ndi mnyamatayo mugwirizane.

Muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Mukayeza mutangofika ku Lilongwe mupeza geji yakwera ndi 0.2 kapena 0.3 bar. Musaphwetse mpweyawo, ubwerera wokha tayala likazizira. Nambala yolembedwa MAX pa tayala penipenipo ndi malire oti musapyole, si yoti muzipopera.

Funso: Ndinagula timapaipi todontheza madzi ta m'dimba langa la tomato pafupi ndi mtsinje wa Bua. Pa mpukutu wake analemba 0.1 MPa. Thanki yanga ndi ya malita 5,000 ndipo ili pa nsanja ya mamita 3, koma kumapeto kwa mizere madzi sakudontha. Ndigule thanki yokulirapo? — Mlimi wa m'dimba, Santhe, Kasungu

Yankho: Mayi kapena bambo, ndalama zanuzo sungani, thanki yaikulu sikonza vutoli. Tiyambe ndi nambala ya pa mpukutu. 1 MPa ndi 1,000 kPa, kapena 10 bar. Ndiye 0.1 MPa ndi 100 kPa, yomwe ndi bar imodzi, ndipo imeneyi ndiyo presha yomwe timapaipito timafuna. Kanambalako kamaoneka kochepa, koma si presha yochepa ayi.

Mphamvu yomwe madzi amakankhira m'paipi imachokera ku kutalika, osati ku kuchuluka kwa malita. Mita imodzi iliyonse, kuyambira pamwamba pa madzi a m'thanki kutsika mpaka pa mzere wa tomato, imapereka 9.8 kPa. Tinene kuti thanki yanu ikadzaza madzi amafika mamita awiri pamwamba pa nsanja. Onse pamodzi ndi mamita 5, ndiye 5 kuchulukitsa ndi 9.8 ndi 49 kPa, osakwana theka la bar. Madzi akatsala pang'ono kutha mumatsala ndi mamita atatu okha, 29 kPa. Kuti mupeze bar imodzi mufunika mamita 10.2. Mgolo wa malita 200 woikidwa pa mamita 10 ukankha madzi kuposa thanki yanu yonseyo.

Ndipo 49 kPa imeneyo sifika yonse kumunda. Ina imathera pa sefa, ina m'makona, ina m'paipi madzi akamakhulana ndi khoma lake, makamaka paipi ikakhala yopyapyala ndi yaitali. N'chifukwa chake mbewu zoyandikira thanki zimamwa, zakutali zili pouma.

Chitani izi. Tsukani sefa kaye, poti madzi a mu Bua amabwera ndi matope. Tsekulani kumapeto kwa mzere uliwonse kuti zinyalala zituluke. Kenako gawani dimba m'zigawo ziwiri kapena zitatu, chilichonse ndi mpopi wake, muzithirira chimodzi chimodzi, ndipo mizere yaitali muidule pakati poyendetsa paipi yaikulu pakatikati pa dimba. Ngati malo anu ndi otsetsereka, samutsirani thanki kumtunda: mita iliyonse ya mtunda imawerengedwa chimodzimodzi ndi mita ya nsanja. Mukafuna kulumikiza pampu mwachindunji, onani nambala yake. Yolembedwa kuti imakweza madzi mamita 30 imafika pafupifupi 2.9 bar, zomwe zingang'ambe timapaipi topyapyalato, choncho ikanipo geji ndi valavu yochepetsera presha. Mapaipi olembedwa PN6 amapirira mpaka 6 bar.

Funso: M'kalasi tinaphunzira pascal, koma pa nkhani za nyengo ndimaona hPa ndi millibar. Zikusiyana pati? — Mtsikana wa Fomu 3, Kasungu

Yankho: Sizisiyana, mwanawe: 1 hPa ndi 1 millibar, zonse ndi ma pascal 100. Pascal imodzi ndi mphamvu ya newton imodzi yokankha pa sikweya mita imodzi, ndipo dzinali ndi la Blaise Pascal wa ku France, yemwe anabadwa mu 1623. M'mphepete mwa nyanja yamchere mpweya umatipsinja ndi 1,013 hPa, kapena 101.3 kPa. Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndiye kuno nambalayo imatsika kufika pansi pa 900 hPa. Uwauze a kunyumba ngati ali ndi pampu yokoka madzi pachitsime: mpweya wa 900 hPa ungakweze madzi m'paipi mamita 9 okha basi, ndipo pampu yeniyeni imalephera isanafike n'komwe pamenepo. Madzi akatsika kupyola mamita 6 kapena 7 m'chilimwe, atsitsire pampuyo pafupi ndi madzi, kapena apeze yomira m'chitsime momwemo.