Wofuna kupanga khungu mu labu asasiye Masamu

Mayi wina wa ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, wandilembera kuti: "Mtsikana wanga ali Grade 9, akuti akufuna ntchito yopanga zinthu zonga khungu la munthu mu labu. Kusukulu akumuuza kuti chaka chamawa atenge Maths Literacy poti ndi yophweka. Kodi ntchitoyi ilipodi?"

Ilipo, Mayi. Tatsinani khungu la kuseri kwa dzanja lanu, mulikoke pang'onopang'ono. Poyamba limabwera mofewa, kenako limalimba n'kukana. N'chifukwa chake mnofu sung'ambika chisawawa, ndipo khalidwe limeneli ndi lomwe akatswiri a ma polymer (zinthu zopangidwa ndi timaulusi titalititali, monga pulasitiki) akulimbana nalo kuti alitsanzire. Amaluka timaulusi tosaoneka ndi maso kukhala ngati ukonde wa asodzi, ukondewo n'kumwa madzi osasungunuka. Dzina lake ndi hydrogel.

Mu 1960 asayansi Otto Wichterle ndi Drahoslav Lím a ku Prague, m'dziko lomwe linkatchedwa Czechoslovakia, analengeza za hydrogel yomwe inadzabala ma contact lens ofewa, timagalasi tovala m'diso momwe. Koma ma hydrogel ambiri ankaphwanyika msanga. Mu 2003 gulu la Jian Ping Gong ku Hokkaido, m'dziko la Japan, linalukanitsa maukonde awiri, wina wouma gwa, wosapindika, wina wotanuka. Chikapanikizidwa, wouma uja amaduka n'kumeza mphamvuyo, wotanuka n'kugwirabe. Chinatuluka ndi chinthu chomwe pafupifupi 90 pa 100 ndi madzi, koma cholimba moyandikira chichereŵechereŵe cha pa bondo.

Tsono za Maths Literacy, phunziro la masamu a tsiku ndi tsiku lomwe ena amatenga m'malo mwa Masamu enieni, chonde musavomere. Uinjiniya wa ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg, kuphatikizapo Biomedical Engineering (uinjiniya wa zachipatala), umafuna Mathematics ndi Physical Sciences za matric, mayeso omaliza a ku sekondale. Mwanayu akasiya Masamu mu Grade 10, kudzabwerera n'kovuta zedi. Ngati akumuvuta, mpezereni womuthandiza madzulo, ngakhale wophunzira wa ku yunivesite wa kumpingo kwanu.

Ku Wits konko, ku sukulu ya zachipatala ku Parktown, kuli ofufuza ma polymer onyamula mankhwala m'thupi. Ku yunivesite ya Stellenbosch kuli dipatimenti ya Chemistry and Polymer Science. Sindikubisirani: malo a kafukufuku ndi ochepa, ndipo amafuna masters kapena PhD. Komabe wodziwa kemisitiri ya ma polymer amalembedwanso kumafakitale a penti, guluu ndi mapulasitiki.

Onaninso lero mapepala a mwanayo okhalira m'dziko la South Africa, chifukwa NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira a ku yunivesite, sithandiza wophunzira wa study visa. Ndipo fomu yosankhira maphunziro isanasainidwe, pitani nokha mukaonane ndi aphunzitsi ake a Masamu, mutatenga malipoti ake a chaka chino.