Za anthu oyendetsa nyulu m'mapiri a Atlas

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti anthu okwera mapiri aatali a ku Morocco sasenza okha katundu, komanso kuti amene amawathandizawo amakhala moyo wotani. N'zoona ndithu. Ofuna kukwera phiri la Toubkal, lotalika mamita 4,167, amayambira m'mudzi wa Imlil, ndipo mahema, chakudya ndi zikwama zimayenda pamsana pa nyulu, nyama yobadwa kwa bulu wamphongo ndi kavalo wamkazi, yomwe imaponda mosamala kwambiri m'tinjira ta miyala.

Oyendetsa nyuluzi, omwe ambiri ndi a mtundu wa Amazigh, amadzuka alendo akadali m'tulo. Amayamba adyetsa nyamayo, kenako amagawa katundu m'madengu awiri kuti alemere mofanana, chifukwa mbali imodzi ikapendekeka, chingwe chimakhula khungu mpaka kutuluka chilonda, ndipo nyulu ikadwala banja lonse limasowa pogwira. Mtunda wonse amayenda wapansi kukafika kunyumba zogona alendo, zomwe zili pamalo okwera pafupifupi mamita 3,200. M'nyengo yozizira chipale chofewa chimatseka njira, nyulu sizifikanso kumtunda, ndipo ntchito imachepa.

Ine ndikaona anyamata akutsika kuchokera ku Chawe atasenza matabwa pamutu, thukuta lili kamukamu, ndimakumbukira anthu amenewa, ngakhale kuti phiri lathu la Zomba silifika n'komwe mamita 2,100. Mukadzapita, musadzalole kuti nyulu imodzi isenzetsedwe katundu wa gulu lonse pofuna kuchepetsa mtengo, ndipo ndalama yothokoza mudzaipereke m'manja mwa woyendetsayo mwini.