Kwa asuweni, pa funso lanu la intaneti ya kumudzi

Asuweni, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva kawiri, ndipo ndasankha kuyankha ndi pakamwa chifukwa zimene ndikufuna kunena sizingakwane m'mizere iwiri. Kuno ku Chilenje magetsi angobwera kumene, choncho mukamva phokoso dziwani kuti ndi ana akulimbirana pochajira. Funso lanu linali lakuti, pakati pa rauta ya simu khadi ndi mbale ija ya Starlink, chabwino kuwagulira amayi anu ku Katete ndi chiti. Mwafunsa pagulu la banja lonse, mopepuka ngati mukufunsa mtengo wa tomato ku msika wa Soweto, koma inu ndi ine tinakulira pa mphasa imodzi, ndipo ndimadziwa kuti mukayamba kufunsa mitengo ya zinthu ndiye kuti mumtima mwamanga kale katundu. Amayi anu ali ndi foni ya mabatani imene imawakwanira bwino lomwe. Ndibwererako ku zimenezi, koma ndiloleni ndiyambe ndi zimene mwafunsazo.

Anthu ambiri amaganiza kuti dziko lathu la Zambia linachedwa pa nkhani ya intaneti, koma si choncho ayi. ZAMNET, kampani yopereka intaneti, inayamba mu 1994 pa yunivesite ya UNZA kuno ku Lusaka, panthawi imene mayiko ambiri a mu Africa anali asanalumikizidwe n'komwe. Chimene chimatipweteka ndi chakuti sitinagundane ndi nyanja yamchere, pomwe zingwe zikuluzikulu zonyamula intaneti zimayenda pansi pa nyanja n'kukatulukira m'malo ngati Dar es Salaam, Maputo ndi Swakopmund. Kuti intanetiyo ifike kuno iyenera kudutsa m'mayiko a anzathu, ndipo aliyense amene chingwe chadutsa pakhomo pake amalandirapo kake. Ikalowa m'dziko muno imatsata misewu ikuluikulu ndi mizere ya magetsi. Chingwe cha faiba chimapita ndithu kum'mawa mpaka ku Chipata, koma chimachita ngati basi yochokera ku Intercity imene yadzaza kale, imene imadutsa pa siteji yathu osaima. Kampani imayamba yawerenga anthu amene angalipire isanakumbe ngalande, ndipo n'chifukwa chake MTN poyambitsa netiweki yothamanga kwambiri ya 5G mu Novembala 2022 inayambira ku Lusaka, ku Kitwe ndi ku Ndola, pamene kwathu foni imaonetsabe kachilembo E pakona, kosonyeza netiweki yochedwa, chithunzi chimodzi n'kumazungulira mpaka nsima kupsa.

Dikirani pang'ono, nditseke chitseko. Eya, ndabwera.

Tsopano ndikufuna ndikukumbutseni za amalume aang'ono, amene inu mumati atate aang'ono, chifukwa nkhani yawo ndi imene yandiphunzitsa zambiri kuposa zimene ndawerenga. Mukukumbukira msomali uja anakhoma pa nsanamira ya khonde la golosale, pamene ankapachikapo foni itakulungidwa m'sokosi, chifukwa pamudzi ponse netiweki inkagwira pamenepo pokha, kamzere kamodzi basi. Munthu akafuna kuyankhula ankaima moweramira nsanamirayo osasuntha mutu, ndipo nkhani zonse za m'banja lathu, kuphatikizapo zija za munda wa kudimba, zinamveka kwa aliyense amene anabwera kudzagula mchere. Kenaka boma linayamba ntchito ija yomanga nsanja za netiweki zoposa 1,000 m'madera akumidzi, ndipo imodzi inaimikidwa pa kaphiri kaja kuseri kwa sukulu. Chinali chaka chimene achimwene anu anakwatira. Ayi, ndasokoneza, chinali chaka chotsatira, chimene tonse tinapita ku Kulamba ku Mkaika, chifukwa ndikukumbukira kuti pobwerera tinapeza anthu atazungulira mpanda wa nsanjayo akuyang'ana m'mwamba.

Anthu anagula mafoni mwamsangamsanga, ena kutumiziridwa ndi ana awo a kuno ku tauni, koma amalume anaona chimene ena sanachione, chakuti mudzi wonse unalibe pochajira. Anagulitsa mbuzi ziwiri ndi nkhumba imodzi, nagula sola, batire la galimoto ndi thabwa limene anakhomerapo masoketi. Foni iliyonse ikabwera ankaimata kapepala kokhala ndi nambala, nambalayo n'kuilembanso m'kope la sukulu pamodzi ndi dzina la mwini wake, ndipo m'zaka zonsezi sanasinthanitsepo foni ya munthu ngakhale kamodzi. Patapita nthawi anatsegulanso kazenera ka mobile money pambali pa golosale. Inu munaseka kwambiri nthawi imeneyo, munati munthu amene amawerengera ndalama pansi pa tebulo sangakhale banki, koma lero ndalama zonse zimene mumatumizira amayi anu zimatulukira pa kazenera komweko. Alimi odikira uthenga wa feteleza wa FISP, agogo olandira thandizo la boma, aphunzitsi ofuna kulipira ngongole zawo, onse amadutsa pamenepo. Ngakhale pamene msonkho wa pa mobile money unayamba mu Januwale 2024, anthu anadandaula koma sanasiye, chifukwa kukwera njinga mpaka ku boma kukafuna banki kumadya tsiku lathunthu.

Ndiye kunabwera chilala cha 2024. Mukudziwa kuti a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndipo madzi atachepa ku damu la Kariba, ife kuno tinafika pokhala mumdima maola oposa 17 pa tsiku. Magetsi athu ambiri amachokera ku madzi, choncho mvula ikakana sikuti ndi chimanga chokha chimene chimafota. Nsanja ya pa kaphiri ija imadalira magetsi a pa mzere, ndipo ili ndi mabatire ongoigwiriziza kwa maola ochepa. Magetsi akachoka nthawi yaitali mabatirewo ankatha, netiweki n'kuzimiririka mudzi wonse. Amalume anandiuza kuti tsiku lina anali ndi mafoni odzaza tebulo, onse atachajidwa mpaka kukhuta chifukwa dzuwa linali likuswa mtengo, koma panalibe ngakhale imodzi imene ikanatha kuimba. Tsiku lomwelo kunabwera mayi wina atabereka mwana wotentha thupi, akufuna kutapa ndalama zimene mwana wake wamkulu anamutumizira kuchokera ku Kitwe kuti akwere galimoto yopita kuchipatala. Uthenga wa ndalamazo unali m'foni mwake, analandira dzulo lake, ndipo anawaonetsa amalume, koma popanda netiweki sizikanatheka kuzitulutsa. Amalume anatsegula kabati, namupatsa ndalama zawo, nalemba m'kope muja, ndipo m'mawa mwake anapalasa njinga ndi foni ya mayiyo pamodzi ndi mlongo wa mayiyo mpaka ku msewu wa tala, kumene nsanja ina inali ikugwira ntchito, kuti akamalize zonse. Munthu wa msinkhu wawo, ndi bondo lija mukulidziwa.

Atabwerako anagula simu khadi yachiwiri ya kampani ina, chifukwa anafufuza napeza kuti nsanja ya kampaniyo, ngakhale ili kutali ndipo imafika mofooka, ili ndi masola akeake. Anandiimbira n'kunena kuti, mphwanga, tsopano ndikadzuka ndimayamba ndayang'ana foni zonse ziwiri ndisanatsegule zenera, kuti ndidziwe ndi iti imene ili moyo lero. Mpaka pano amachita zomwezo.

Za zida zimene mwafunsa ndinena mwachidule. Rauta ya simu khadi ndi yotsika mtengo ndipo imadya moto wochepa, koma mphamvu yake yonse ili pa nsanja ija, ndiye nsanja ikagona nayonso yagona. Komanso bandulo imatha msanga, chifukwa msonkhano wa pa kanema wa ola limodzi ukhoza kudya pafupifupi gigabayiti yathunthu. Starlink inafika m'dziko muno mu Okutobala 2023, ndipo ubwino wake ndi wakuti imalankhula ndi masetilaiti mwachindunji osadalira nsanja, koma kugula kwake n'kokwera, mwezi ndi mwezi pamafunika kulipira, imafuna malo oonekera bwino kumwamba opanda mitengo, ndipo mvula yamphamvu imaidodometsa. Mbale yaikulu ija imakoka mawati apakati pa 50 ndi 100 nthawi yonse imene yayaka, ndipo kasola kamene kali padenga la amayi anu, koyatsira mababu awiri ndi wailesi, sikangainyamule.

Tsopano ndinene chimene ndamva m'funso lanu, ndipo abale amene muli pagulu pano mundikhululukire ngati ndikuulula zimene mwini wake sananene. Asuweni, intaneti imeneyi simukuwafunira amayi anu. Mukufuna kudziwa ngati mungachoke ku Kabwata, kubwerera kumudzi kukakhala pafupi nawo tsopano pamene miyendo yayamba kuwavuta, popanda kutaya ntchito yanu ya maakaunti imene mumagwira pa kompyuta. Kuyambira pa maliro paja mwakhala mukuzungulira nkhani imeneyi ngati nkhuku yofuna poikira, ndipo ine ndikuona kuti maganizo amenewa ndi abwino, osachita nawo manyazi. Yankho langa ndi lakuti n'zotheka, koma chinthu choyamba kugula si rauta kapena mbale, ndi magetsi anuanu: masola okwanira, batire labwino ndi inveta, zoti zikhoza kuyendetsa laputopu ndi intaneti tsiku lonse lantchito ngakhale kunja kuli mitambo. Zikakhalapo zimenezo, pamenepo ndiye musankhe njira ya intaneti, ndipo zikhale njira ziwiri monga anachitira amalume, kuti ina ikafa muzitembenukira ku inzake.

Ndikudziwa kuti mukumva ngati ndakulemetsani, chifukwa munkayembekeza kuti nditchula dzina la chida chimodzi, mawa mupite m'tauni mukagule, nkhani ithe. Inu mumakonda zinthu zothera pa risiti. Koma taganizirani tsiku lomaliza la mwezi, abwana anu akudikira malipoti, inu muli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku ofesi, nsanja yazima ndipo batire latha. Kuno ku Lusaka zikatero mumakwera minibasi n'kupita kwa mnzanu amene kwawo kuli magetsi, koma kumudzi kulibe kothawira. Ndiye chifukwa chake ndikubwereza kuti ndalama yoyamba ipite ku magetsi, yachiwiri ku njira ziwiri za intaneti, ndipo nyumba ya ku Kabwata musaibweze kaye kwa mwini wake.

Chimene ndikupempha ndi chakuti mutenge masabata awiri mukayese, osati mu Ogasiti pamene kumwamba kuli mbee, koma mu Januwale, mvula ili pakati, pamene sola imalandira dzuwa lochepa ndipo msewu wochokera pa tala umakhala matope okhaokha. Mukatenge simu khadi za makampani onse, mukayese m'chipinda chimene mudzagwiriremo ntchito, m'mawa, masana ndi madzulo pamene anthu onse alowa pa WhatsApp ndipo nsanja yalemedwa. Mukalembe m'kope zimene mwapeza tsiku lililonse. Mukakhalenso pansi ndi amalume, chifukwa palibe munthu wina m'dera lonselo amene akudziwa maola amene netiweki imagwa kuposa iwo, ndipo amadziwanso mnyamata amene amakonza masola akawonongeka, chinthu chimene ogulitsa a kuno sadzakuuzani. Ngati pa masabata awiriwo ntchito yanu yayenda osaphonya tsiku, bwererani mudzalankhule ndi abwana anu muli ndi umboni m'manja.

Ndiye mwandimva, asuweni: pitani kwa amayi anu, ine ndili kumbuyo kwanu, koma muyambe ndi magetsi, intaneti ibwere pambuyo, ndipo ikhale ya njira ziwiri. Loweruka masana ndidzadutsa kwanuko ndikuchokera ku Kamwala. Mudzatulutse laputopu ndi chaja yake kuti tidzawerenge mawati amene alembedwa pamenepo, tidzaone kukula kwa batire limene likufunika, kenaka tidzawaimbire amalume tili limodzi. Mukonze tiyi wa mkaka, osati uja munandipatsa ulendo watha.