Kodi kusonkha ku sosaite ya maliro n'kusakhulupirira Mulungu?

Mayi wina wa ku Mufakose, muno mu Harare ku Zimbabwe, wandilembera imelo, ndipo wandilola kumuyankha pano bola ndisatchule dzina lake. Ndi wamasiye, amapemphera ku CCAP, ndipo amagulitsa tomato ndi anyezi amene amapikula ku msika waukulu wa Mbare Musika. Mwezi ndi mwezi amasonkha ku sosaite ya maliro imene malemu bambo ake anali membala, komanso ali m'chipereganyu ndi amayi anzake, chija anzathu Achishona amati mukando. Tsiku lina mnzake anamutengera ku mapemphero a usiku kwinakwake, ndipo mlaliki wa kumeneko anati wosonkhera maliro akudziitanira imfa, wosunga madola sakhulupirira Mulungu, ndipo ndalama zoterozo azibwera nazo kuguwa ngati mbewu. Funso lake ndi ili: "Kodi ndikuchimwa? Ndisiye zonsezi kuti ndidalire Mulungu yekha?"

Mayi, musasiye. Sonkhani monga mwa masiku onse. Koma sindikufuna kukuyankhani mwachidule chonchi n'kukusiyani, chifukwa chimene chakusowetsani tulo si chachabe. Baibulo limanenadi, ndipo limanena mosapsatira, kuti chitetezo cha munthu chili mwa Mulungu yekha. Salimo 146 limatichenjeza kuti tisakhulupirire akuluakulu a dziko kapena mwana wa munthu, pakuti mwa iwo mulibe chipulumutso. Paulo anauza Timoteo kuti alamule olemera asaike chiyembekezo chawo pa chuma, chifukwa n'chosadziwika kukhala kwake. Mawu amenewa mlaliki uja sanawapeke. Chimene analakwitsa ndi kumene anawalozetsa.

Ife a muno mu Harare, makamaka ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, sitifunika kutiphunzitsa kuti za dziko sizikhalitsa. Agogo athu anabwera kuno ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere amene ankanyamula ofuna ntchito popanda kulipira, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini. Ambiri anakalambira pafamu, akudziwa kuti bola ntchito ilipo, nyumba ndi phoso zilipo. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, anthu amenewa anasowa kolowera, popeza kumudzi kothawira analibe m'dziko muno. Chaka chotsatira lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo ana obadwira kuno komwe anapezeka ali ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonzako nkhaniyi. Amene anathawira m'tauni n'kumanga tinyumba kuseri kwa nyumba za ena, ntchito ya boma yogumula tinyumba totere, yotchedwa Murambatsvina, inawapeza mu 2005. Lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena pogwirira ntchito.

Nanga za ndalama ndichite kukuuzani? Bambo anu, ngati anali ngati bambo a ambiri a ife, ankasunga kabuku ka kubanki m'sutikesi, kokulungidwa m'pulasitiki pamodzi ndi mapepala a penshoni, ndipo mwana sankaloledwa kukagwira. Pakati pa 2006 ndi 2009 ndalama ya dziko lino inachotsedwa maziro katatu, onse pamodzi 25, ndipo tinafika pogwira pepala limodzi lolembedwa 100 trillion. Mu 2015, potseka mbiri ya ndalama yakaleyo, akaunti iliyonse imene munali ndalama zosapitirira 175 quadrillion inapatsidwa madola 5 a ku America. Thukuta la moyo wonse wa munthu linathera pamenepo. Titayambanso kupuma, madola amene anali m'mabanki anasandutsidwa ndalama ya dziko lino yotchedwa RTGS mu 2019, ndipo mu 2024 kunabwera ndalama ina yatsopano, ZiG.

Ndiye vuto lathu si lakuti timakhulupirira banki kwambiri. Vuto ndi lakuti mtima wa munthu sukhala wopanda chogwira. Chimodzi chikakugwiritsa mwala, umathamangira china. Wina tsopano mtima wake wonse uli pa madola amene anasokera m'matiresi. Wina uli pa mwana wake amene ali ku Johannesburg kapena ku London, moti mwezi ukatha foni osalira, kuthamanga kwa magazi kumakwera. Wina uli pa khadi la chipani. Ndipo wina, apa mundimvetse bwino mayi, uli pa mneneri: kabotolo ka mafuta m'chikwama, chibangili padzanja, chithunzi chake chomata pachitseko. Yeremiya 17 imati wotembereredwa ndi munthu wokhulupirira munthu, ndipo sinapatule munthu wovala suti yoyera. Mlaliki nayenso ndi mwana wa munthu. Akakuuzani kuti chotsani ndalama ku sosaite mubweretse kwa iye kuti Mulungu akutetezeni, sanakuchotseni pa zodalira za dziko ayi. Wangokusamutsani pa china n'kukuikani pa chinzake, ndipo chatsopanochi n'choipirapo, chifukwa chimakuphunzitsani kuti Mulungu amagulidwa. Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro anamuuza kuti ndalama yakeyo iwonongeke naye pamodzi. Nkhaniyi ili pa Machitidwe 8.

Pali anthu awiri m'Baibulo amene ndimafuna aliyense wovutika ndi funso lanu atawaika pafupi. Ezara anatsogolera gulu la Ayuda kubwerera ku Yerusalemu, atanyamula siliva ndi golide wa m'kachisi, panjira yodzaza ndi achifwamba. Iye mwini akuti anachita manyazi kupempha asilikali kwa mfumu, chifukwa anali atauza kale mfumuyo kuti dzanja la Mulungu limakhala pa onse omufuna. Choncho anasala kudya pa mtsinje wa Ahava, napemphera, nanyamuka opanda owaperekeza, ndipo anafika bwino. Patapita zaka 13, mu ulamuliro wa mfumu yomweyo Aritasasta, Nehemiya anayenda ulendo wopita ku Yerusalemu komweko. Iye anapempha makalata a mfumu, ndipo anapita ndi akuluakulu a nkhondo ndi apakavalo amene mfumu inamupatsa. Pofotokoza zimenezi akuti mfumu inamupatsa chifukwa dzanja lokoma la Mulungu wake linali pa iye. Wina anakana asilikali m'dzina la Mulungu, wina anawalandira m'dzina la Mulungu yemweyo, ndipo Malemba sadzudzula aliyense wa iwo.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chimene Ezara anachita atatha kupemphera. Anasankha akuluakulu 12, nawayezera pasikelo siliva ndi golide yense, ndipo atafika ku Yerusalemu zinayezedwanso, kulemera kwake n'kulembedwa. Munthu amene anakana asilikali chifukwa cha chikhulupiriro sanakane sikelo ndi buku. Nehemiya naye, adani atawopseza omanga linga, akuti tinapemphera kwa Mulungu wathu ndipo tinaika alonda usana ndi usiku. Zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi.

Tsono chizindikiro cha kudalira Mulungu si manja opanda kanthu. Yosefe anasunga limodzi mwa magawo 5 a zokolola za Iguputo kwa zaka 7, ndipo nkhokwe zakezo zinapulumutsa mitundu ya anthu. Wachuma uja wa pa Luka 12 nayenso anaganiza zomanga nkhokwe zazikulu, koma Mulungu anamutcha wopusa. Nkhokwe n'zofanana. Kusiyana kuli pa zimene wachumayo anauza moyo wake: wakhuta, zaka zambiri zakonzeka, pumula. M'mawu ake onse mulibe Mulungu, mulibe mnansi.

Mukafuna kudziwa pamene mtima wanu watsamira, musayang'ane ngati muli ndi kenakake kosunga. Dzifunseni chimene mungalolere kuchita kuti chisachoke. Kodi mungaike tomato wovunda pansi pa mulu kuti chipereganyu cha mwezi uno chikwane? Kodi mnzanu wa pabenchi loyandikana nanu mwana wake akadwala usiku, mumanena kuti mulibe pamene madola ali m'kansalu m'chiuno? Kodi zitapsa zonse, monga unapsera msika wa ku Mbare mu Okutobala 2024, mungati moyo wanu watha? Chinthu chimene mungachimwire kuti chikhalepo, kapena chimene chitachoka simungathenso kupemphera, chimenecho chatenga malo a Mulungu, kaya ndi madola, kaya ndi mwana, kaya ndi mafuta odzozedwa. Mafunso amenewa ine ndimawaona kuti ndi olemera kuposa zimene mlaliki uja anakuuzani, chifukwa kutaya ndalama kuguwa kumatha usiku umodzi, koma awa amakutsatirani kumsika tsiku lililonse.

Za sosaite ya maliro ndiye ndilankhule ndi mtima wanga wonse. Zoti wokonzekera maliro akudziitanira imfa si za m'Baibulo, ndi mantha chabe. Sara atamwalira, Abrahamu anaima pamaso pa eni dziko n'kunena kuti iye ndi mlendo pakati pawo, napempha malo oika mkazi wake. Anafuna kumupatsa ulere, iye anakana, nalipira masekeli 400 a siliva kugula phanga la Makipela. Kholo la okhulupirira onse linagula manda m'dziko la eni. Makolo athu anachita chomwecho. Munthu wobwera yekha kuchokera ku Dedza kapena ku Ntcheu, akamwalira mu Salisbury (dzina lakale la Harare) analibe mwinimbumba womuika, choncho anzake anayamba kusonkherana kuti asaikidwe ngati wopanda kwawo. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ngakhale mpingo wanu unayamba motero, pakati pa anyamata odzagwira ntchito amene anafuna kupemphera m'chiyankhulo chawo, mpaka unakhala Sinodi payokha mu 1965.

Mumadziwa mmene zimakhalira ku sosaite Lamulungu masana. Anthu akhala pamabenchi kuseri kwa nyumba, ayamba ndi nyimbo ndi pemphero, mlembi atsegula buku lachikuto cholimba lokhala ndi mizere yojambula yekha, naitana mayina. Msungichuma akuwongola timadola tothetheka, tina tomata ndi selotepi, akuwerenga mokweza kuti aliyense amve. Ndiye tsiku la zovuta likafika, namfedwa asanapukute misozi, tenti yaimikidwa kale, mapoto aakulu ali pamoto, ufa, kabichi ndi nkhuni zabwera, bokosi lalipiridwa, basi yopita kumanda ku Mbudzi yapezeka. Mukasonkha, nthawi zambiri simukusonkhera maliro anu. Mukuika mayi a wina, mwana wa wina. Paulo anauza Agalatiya kuti anyamulirane zothodwetsa, ndipo sindidziwa malo ena mu mzinda uno pamene mawuwa amaoneka ndi maso kuposa pamenepa. Mulungu akafuna kusamala wamasiye, kawirikawiri amatuma anthu onyamula mapoto.

Sindikulonjezani kuti mukadalira Mulungu katundu wanu sadzapsa. Madoda ambiri amene penshoni zawo zinasungunuka anali anthu opemphera, akulu a mpingo, osajomba ku Mgonero. Habakuku sananene kuti mkuyu udzaphuka chifukwa iye wakhulupirira. Anati ngakhale usaphuke, ngakhale m'munda musakhale chakudya ndi m'khola musakhale ng'ombe, iye adzakondwera mwa Yehova. Chikhulupiriro chimene chimatha kunena choncho sichiopsezedwa ndi buku la sosaite, ndipo sichifuna kudzionetsa mwa kulumpha kuchokera pamwamba pa kachisi. Ambuye Yesu anakana kutero, ngakhale woyesayo anabwera ndi vesi m'kamwa.

Chopereka chanu perekani ku mpingo wanu mokondwera, monga mwatsimikiza mumtima, osati chifukwa choopsezedwa. Ku sosaite musaope kufunsa mafunso a Ezara: ndalama zikusungidwa kuti, m'ndalama yanji, osayinira ndi angati, ndipo buku limawerengedwa liti pamaso pa onse. Popeza ndalama ya pepala muno imasungunuka, ndi nzeru kuti gawo lina likhale m'zinthu zogwirika monga tenti, mipando ndi mapoto. Chipereganyu chitani ndi anthu amene mumadziwa pakhomo pawo. Ndipo mtima ukapitiriza kukutsutsani, musakhale nazo nokha. Tengani Baibulo mupite kwa mayi wamkulu wa Chigwirizano kapena kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu, muwerenge naye Ezara 8 ndi Nehemiya 2, ndipo mnzanu uja amene anakutengerani ku mapemphero a usiku mumuitane akhale nawo, chifukwa mwina iye wasiya kale kusonkha.