Musataye sipikayo, phokosolo analiyikamo dala

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa owerenga. Akuti mnzawo anawatumizira nyimbo za Grouper, koma pansi pa gitala ndi mawu a woyimbayo pankamveka kulira kosalekeza ngati chigayo cha kutsidya la mtsinje, mpaka anaganiza kuti sipika yawo yafa. Ndiye akufunsa: kodi anajambula molakwika, kapena zimenezi zili ndi dzina?

Achimwene, sipika yanu ili bwinobwino. Zomwe mwamvazo ndi mitundu iwiri ya nyimbo yophikidwa mumphika umodzi.

Gitala wofatsayo ndi mawu onong'onawo amachokera ku psychedelic folk, yomwe inaphuka ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Achinyamata ankatenga nyimbo za makolo awo n'kuzipotoza kuti zimveke ngati maloto. Mmodzi wa iwo ndi Vashti Bunyan, amene anachoka ku London pa ngolo yokokedwa ndi hatchi kulowera ku zilumba za ku Scotland, akupeka nyimbo m'njira. Chimbale chake chinatuluka mu 1970, anthu sanachigule, iye n'kusiya kuyimba. Chitatulukanso mu 2000 m'pamene achinyamata ena anachitola n'kumachitamanda.

Kulira kwapansiko ndi kwa dark ambient. Kumeneko kulibe ng'oma, nthawi zambiri kulibenso mawu, kumangokhala mkokomo wautali wochititsa nthumanzi. Akatchula mtunduwu, ambiri amaloza chimbale chotchedwa Heresy cha mu 1990, cha wopeka nyimbo wina wa ku Britain wodziwika kuti Lustmord.

Tsono Grouper, yemwe dzina lake lenileni ndi Liz Harris wa ku America, amaponda mbali zonse ziwiri. Amayimba motsitsa, kenako mawuwo amadutsa m'timakina totchedwa delay ndi reverb. Koyambako kamabwereza zomwe wayimba, kachiwiriko kamazitalikitsa ngati ali m'tchalitchi chopanda anthu. Akaunjika zimenezi kangapo, mawu sumawamvanso kuti akunena chiyani, amasanduka nkhungu. Kusokosera kwa tepi nako sakuchotsa.

Chomwe chinandigwira mtima ine ndi chimbale chake cha Ruins, chomwe chinatuluka mu 2014. Mbali yaikulu anaijambula mu 2011 ku Aljezur, m'dziko la Portugal, ndi kamakina kakang'ono kojambulira ndi piyano basi. Timakina tija anatisiya pambali. Mukatchera khutu mumva achule akulira panja, mvula ikugwa. Pena pake microwave inalira "tii" magetsi atabwerako atazima, ndipo iye anangoisiya momwemo. Ndinaseka ndekha nditamva, poti kulira kumeneko tonse timakudziwa. Ku situdiyo yaikulu akanamuuza kuti abwereze.

Apa m'pamene pali phindu loyimba pawekha kapena pansi pa kampani yaing'ono: palibe bwana wokuuza kuti uyeretse nyimbo kuti ikalowe pa wailesi. Komabe ndisakunamizeni, si onse ochita zimenezi amene ali ndi luso. Pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti pomwe oyimba amagulitsa nyimbo zawo, padzaza anthu obisa umbuli wa gitala kuseri kwa mkokomo. Ine ndimayesa chonchi: ndikachotsa nkhunguyo m'maganizo, kodi patsala nyimbo yoti munthu n'kuing'ung'udza? Kwa Harris imatsala.

Muyesenso kumvera, koma osati pa sipika ya foni masana minibasi zikuimba mabelu. Valani mahedifoni usiku, ana atagona. Ikakukomerani, funafunani Natural Snow Buildings a ku France. Koma konzekerani bandulo, chifukwa chimbale chawo cha mu 2006 chimapitirira maola awiri.